BizPortal: kampani ya R175 ndi zimene mtengowo sukupatsani

Amene akuyambitsa kampani ya zamakompyuta kuno ku Joni, kaya ndi apu yolondolera katundu wopita ku Lilongwe kaya pulogalamu yowerengera malonda m'masipaza, satenga nthawi asanafunsidwe nambala ya kampani. Akapanda kufunsa a banki amafunsa kasitomala woyamba. Nambalayo amapereka ndi a CIPC, ofesi ya boma yolembetsa makampani, ndipo kuyambira 2019 ali ndi webusaiti ya BizPortal yochitira zonsezi pa foni kapena pa kompyuta.

Pa ntchito imene anaipangira, BizPortal ndi yabwino ndithu. Kulembetsa kampani ya (Pty) Ltd ndi R125, ndipo mukafuna dzina mumawonjezera R50. Mumalipira ndi khadi la kubanki. Mumaloledwa kupereka mayina mpaka 4 motsatana ndi mmene mukuwafunira, choncho ikani onse anayi, chifukwa dzina lofanana ndi la kampani ina amalikana. Mukapanda kusankha dzina, kampani imatuluka ndi nambala yake ngati dzina, ndipo ikhoza kuyamba malonda choncho. Zonse zikayenda bwino, satifiketi ya CoR 14.3 imabwera pa imelo, komanso kampani imalembetsedwa ku SARS, ofesi yotolera misonkho, n'kupatsidwa nambala ya msonkho. Pomwepo mukhoza kulembetsanso UIF (thumba lothandiza antchito ntchito ikawathera), Compensation Fund (thumba la chipepeso cha ovulala pa ntchito), adiresi ya webusaiti ya .co.za, ndi kupempha akaunti ya bizinesi ku banki. Ngati muli ndi chitupa choyenera, palibe chifukwa cholipirira ejenti wa m'tauni ndalama zambiri pa ntchito imeneyi.

Koma nkhani ya chitupayo ndiyo imapweteka Amalawi ambiri. BizPortal imatsimikiza munthu kudzera ku Home Affairs, ndiye imafuna nambala ya ID ya South Africa ya manambala 13, ya inuyo ndi ya dayilekitala aliyense. Amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikoli mpaka kalekale amakhala ndi nambalayo ndipo amalowa. Wa pasipoti yokha salowa. Iyeyo ayenera kudzera pa eServices ya CIPC, kutumiza kope la pasipoti lodindidwa ndi Commissioner of Oaths (munthu wololedwa ndi lamulo kutsimikiza zikalata), n'kudikira kuti amutsimikize asanalembedwe ngati dayilekitala. Zimatenga nthawi yotalikirapo, koma lamulo limalola mlendo kukhala mwini ndi dayilekitala wa kampani. Chonde musagwiritse dzina la mnzanu wa ID kuti zifulumire. Pamaso pa lamulo ndi pa banki, iyeyo ndiye woyendetsa kampani, ndipo tsiku limene mudzasemphane akaunti idzakhala m'manja mwake. Dziwaninso kuti satifiketi ya kampani si viza: siyikupatsani ufulu wogwira ntchito m'dziko muno.

Chofooka chachikulu kwa anthu a zamakompyuta chili pa masheya. BizPortal imakupatsani malamulo a kampani okonzeratu, MOI ya fomu CoR 15.1A, yomwe ndi imodzimodzi kwa wa saluni ndi kwa wopanga mapulogalamu. Ili ndi mtundu umodzi wa masheya ndipo siyinena kanthu za woyambitsa mnzanu amene wachoka. Taganizirani anthu awiri ogawana theka ndi theka. Patatha miyezi 8 mmodzi wapeza ntchito ku Sandton, wasiya kulemba khodi ya pulogalamu. Theka lake limakhalabe lake, ngakhale winayo agwire yekha zaka 5. Palibe woika ndalama amene angalowe mu kampani yotero. Mankhwala ake ndi mgwirizano wa eni masheya wonena kuti munthu amapata masheya ake pang'onopang'ono. Chizolowezi ndi zaka 4, ndipo wochoka chaka chisanathe satenga kanthu. Apa pali msampha wina: ndime 15(7) ya Companies Act ya 2008 imati chilichonse cha mu mgwirizanowo chotsutsana ndi MOI n'chopanda mphamvu. Zikalata ziwirizi ziwerengedwe pamodzi ndi loya, ndipo ngati MOI ikufunika kusintha, pamafunika mavoti 75 pa 100 aliwonse. N'kosavuta kuchita zimenezi mukadagwirizana.

Fomu imafunsa chiwerengero cha masheya ololedwa. Ambiri amalemba 100 n'kugawana onse tsiku lomwelo, kenaka woika ndalama akabwera alibe choti amupatse popanda kusintha MOI. Lembani ambiri, perekani ochepa. Ndipo kumbukirani kuti CIPC siyipereka masatifiketi a masheya. Kampani yokha ndiyo imawalemba ndi kusunga kaundula wa eni ake. Kukhala dayilekitala pa CoR 14.3 si umboni woti muli ndi masheya, ndipo anthu ambiri amadzadziwa zimenezi mkangano utabuka kale.

Khodi nayonso siyilowa mu kampani yokha. Imene munalemba kampani isanabadwe ndi yanu, ndipo Copyright Act ya 1978 imafuna kuti kusamutsa umwini kuchitike polemba, mwini wake atasaina. Tsamba limodzi ndi lokwanira. Musainitseninso aliyense wapadera amene mwamulipira kuti akulembereni gawo lina, kuti pasadzakhale kukangana. Dzina lomwe mwalipira R50 lija silitetezanso dzina la apu yanu pamsika. Chizindikiro cha malonda chimalembetsedwa padera ku CIPC komweko, R590 pa gulu lililonse la malonda.

Za B-BBEE, lamulo lopatsa makampani mulingo malinga ndi mmene akukwezera anthu akuda pa chuma, musayembekezere zambiri. Kampani yopanga ndalama zosaposa R10 miliyoni pa chaka imayambira pa Level 4 (wapamwamba ndi Level 1), ndipo umwini wa Mmalawi yemwe si nzika suikweza, chifukwa lamulolo limawerenga anthu akuda amene ali nzika za South Africa. Ngati mukufuna kugulitsa kwa makampani akuluakulu, dziwani zimenezi musanapite kukakambirana. Apu iliyonse yosunga mayina ndi manambala a foni a anthu ilinso pansi pa lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 July 2021, ndipo mkulu wa kampani ayenera kulembetsa ku Information Regulator, ofesi yoyang'anira lamuloli. Kulembetsa kampani pa R175 ija sikukuchitirani zimenezi.

Chomwe chimapha makampani ang'onoang'ono mwakachetechete ndi lipoti la pachaka lopita ku CIPC. Liyenera kuperekedwa pasanathe masiku 30 a ntchito kuchokera pa tsiku lokumbukira kulembetsedwa, ngakhale kampani sinagulitse kanthu. Yopanga zosakwana R1 miliyoni imalipira R100, ikachedwa R150. Kuyambira July 2024 lipotilo silidutsa ngati simunapereke mayina a eni enieni, kutanthauza aliyense wokhala ndi gawo loposa 5 pa 100. Mukaphonya zaka 2 zotsatizana CIPC ikhoza kufufuta kampani m'kaundula, ndipo banki ikazindikira imatseka akaunti. Zikumbutso zimapita pa imelo ndi nambala ya foni zimene zinalembedwa tsiku loyamba lija, choncho ngati anakulembetserani ndi ejenti, lowani lero muone kuti ndi zanu.