Makabati akale, nkhope yatsopano: kodi kungosintha zitseko n'koyenera ndalama zake?

Akalipentala ndi makampani ambiri okonza makhitchini masiku ano ali ndi ntchito yomwe amaitcha refacing. Mabokosi a makabati amatsala pomwe ali, osawazula pakhoma. Zimene zimachoka ndi zitseko, nkhope za madirowa, mahinji ndi zogwirira, kenako mbali zonse zooneka za mabokosiwo amazikuta ndi chikamba chopyapyala chofanana mtundu ndi zitseko zatsopanozo. Pa khitchini ya msinkhu wamba ntchitoyi imatenga masiku awiri mpaka asanu, sinki ndi sitovu zikugwirabe ntchito madzulo aliwonse. Kuzula zonse kumakoka wamapaipi, wamagetsi ndi wamatailosi, ndipo banja limaphikira kwina kwa milungu ingapo.

Ife tikuiyamikira ntchitoyi, koma pa mabokosi olimba okha. Mmisiri amene akutchulirani mtengo asanagwade n'kusuzumira pansi pa sinki, musiyeni apite.

Pansi pa sinki ndi pomwe pali nkhani yonse. Tulutsani zonse zili m'menemo, tengani tochi, ndipo kanikizani nsonga ya sikuludiraiva m'makona a pansi ndi pomwe thabwa la m'mbali lagunda simenti. Chipibodi, thabwa la tizidutswa ta mitengo tophatikizidwa ndi guluu, chikamwa madzi chimafufuma n'kuyamba kunyenyeka ngati utuchi, ndipo chikauma sichibwereranso mwakale. Sikuluwu ya hinji mukaimanga m'thabwa lotero imangozungulira osagwira. Pakatha miyezi yochepa chitseko chanu chatsopano chayamba kulendewera. Pulayiwudi imapirirako, komabe yang'anani ngati zigawo zake sizinayambe kulekana. Chuku chakuda kumbuyo kwa bokosi, kapena kafumbi kosalala kogwa kuchokera m'timabowo ta m'thabwa, ndi zizindikiro zoti vuto lili mkati. Bokosi limodzi loola si mlandu: limachotsedwa, kupanga lina, ntchito n'kupitirira. Akafika atatu kapena anayi pa makabati khumi, ndiye kuti mukuveka suti munthu wodwala.

Yezaninso pakamwa pa bokosi lililonse mopingasa, kuchokera pa kona ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyi ikasiyana kuposa mamilimita 3, bokosilo lapendama, ndipo chitseko chowongoka chidzaulula kupendamako. Makabati a pakhoma agwedezeni ndi manja. Akasuntha, ayambe amangidwa bwino, chifukwa zitseko zatsopano za MDF, thabwa la ulusi wa mitengo wopanikizidwa ndi guluu, nthawi zambiri zimalemera kuposa zakale.

Kapangidwe ka makabati kali pawiri. Ena ali ndi felemu la matabwa kutsogolo, ena alibe, chitseko chimangophimba m'mphepete mwa thabwa la mamilimita 18. Opanda felemu savuta: kusintha zitseko, kumata kansalu ka m'mphepete katsopano, kuika thabwa lophimba mbali yakumapeto, basi. A felemu ndi amene amaonetsa luso la mmisiri, pakuti kamtengo kalikonse ka felemulo kayenera kukutidwa pakokha.

Apa m'pamene ntchito zambiri zimafera, ndipo tsiku loipereka simungaone chilichonse. Felemu la kukhitchini limakhala ndi mafuta a zaka zambiri, makamaka pafupi ndi sitovu ndi pomwe zala zimagwira. Guluu sagwira pa mafuta. Mmisiri wabwino amayamba watsuka ndi mankhwala ochotsa mafuta, kupukuta ndi madzi oyera, kudikira kuti paume. Akatero m'pamene amapala ndi sandipepala ya nambala 120 kapena 150, kungochotsa kunyezimira kwa vanishi osati kufika pa thabwa lenileni. Wothamanga amayambira sandipepala, ndipo potero amangowakhwinyira mafutawo mkati mwa vanishi. Mabowo a mahinji akale ndi pomwe panakumbika pamatsekedwa n'kusalazidwa, chifukwa veneer, chikamba chokutira chija, ndi yopyapyala, pafupifupi theka la milimita, moti kadzenje kapena kamchenga kalikonse ka pansi pake kamaonekera pamwamba. Ngati penti ya makabatiwo ndi yakale kwambiri, iyezedwe kaye ngati ilibe mtovu isanapalidwe. Fumbi lake ndi loopsa, makamaka kwa ana.

Veneer yomwe imabwera ndi guluu wake kumbuyo imafuna malo osalala, opakidwa vanishi wouma bwino. Pa thabwa losapaka kanthu imagwira mwaulesi. Iyeneranso kugona m'nyumbamo masiku awiri isanamatidwe kuti izolowere chinyezi cha m'menemo, apo ayi idzakhwinyata kapena kutsegula mipata m'malumikiziro. Zidutswa zimadulidwa zokulirapo, mamilimita 10 kapena 12 m'lifupi ndi masentimita angapo m'litali, zotsalazo n'kuzisenga ndi mpeni wakuthwa zitamatidwa kale. Timitengo toimirira ndito timayamba, topingasa pambuyo. Pomwe ziwirizi zakumana, amasanjikiza chidutswa pa chinzake, kuika lula yachitsulo, n'kudula zonse ziwiri kamodzi. Mzere wotuluka pamenepo sulowa ngakhale chikhadabo. Pomaliza amakanikiza mwamphamvu ndi kathabwa ka m'mphepete mosalala motsata mitsempha ya mtengo. Kusisita ndi chikhatho sikukwanira, ndipo matuza amene amatuluka pakapita milungu ingapo amachokera pamenepa. Akagwiritsa ntchito guluu wa kontakiti, apake mbali zonse ziwiri, adikire mpaka asiye kumata chala, mawindo ali otsegula ndipo moto uli wozima, chifukwa mpweya wake umayaka.

Nanga zitsekozo zikhale za chiyani? Za laminate, zomatidwa chikamba cholimba chonga pulasitiki pamwamba, ndi zolimba, zosavuta kupukuta, ndipo kwa banja lophika tsiku lililonse ife timasankha zimenezi, malinga m'mphepete mwamatidwa bwino. Za MDF yopenta zimaoneka bwino kwambiri ndipo zikakalika zimapentedwanso, koma madzi akapeza polowera m'mphepete mwa pansi, pamatupa. Za matabwa enieni zimakhala zaka zambiri ndipo zimadula. Thabwa la pakati pa chitseko chotere lisamatidwe ndi guluu m'felemu lake, lizisuntha momasuka, chifukwa mtengo umafufuma ndi kunyala potengera nyengo, ndipo lomatidwa limang'aluka.

Zimene timachenjeza nazo ndi za thermofoil, kutanthauza MDF yokutidwa ndi pulasitiki yopyapyala. Zilibe msoko, zimatsika mtengo, ogulitsa amazikonda. Mdani wake ndi kutentha. Chitseko choyandikana ndi uvuni, kapena chimene chili pamwamba pa ketulo yomwe imafuka nthunzi m'mawa uliwonse, chimayamba kusupuka m'mphepete, pulasitiki n'kupindika, ndipo kuibwezeretsa kuti ioneke ngati yatsopano n'kovuta. Mukazifunabe, uzani mmisiri aike tizitsulo totchinga kutentha pakati pa uvuni ndi zitseko za m'mbali mwake. Ndi tinthu totchipa, koma ambiri satiika mpaka mutawafunsa.

Za mahinji zili ndi miyeso yake yodziwika. Hinji yobisika imalowa m'bowo la mamilimita 35 m'mimba mwake, lakuya mamilimita 12 kapena 13, lobooledwa mamilimita 3 mpaka 6 kuchokera m'mphepete mwa chitseko. Chitseko cha masentimita 90 kutsika pansi chimakwana mahinji awiri. Chotalika kuposa pamenepo chimafuna atatu, ndipo cha kabati yaitali yofika mamita awiri chimafuna anayi kapena kuposa. Pakati pa chitseko ndi chinzake pazikhala mpata wa mamilimita 2 kapena 3, wofanana kuyambira kumwamba mpaka pansi. Zitseko zatsopano ziyezedwe kuchokera pa bokosi lenilenilo, lililonse palokha, osati pa zitseko zakale, zomwe mwina zinasengedwapo kuti zikwane. Chitseko cholakwika muyeso sichikonzeka pamalopo, chimakapangidwanso, ndipo ntchito ya masiku anayi imasanduka ya mwezi.

Madirowa amaiwalika kawirikawiri. Ngati nkhope ya dirowa ndi thabwa lapadera lomangidwa ndi masikuluwu kuchokera mkati, kusintha n'kosavuta. Ngati nkhopeyo ndi mbali ya dirowa yeniyeniyo, milomo yake imadulidwa kuti ifanane ndi bokosi la dirowa, yatsopano n'kuimanga pamwamba pake. Njanji zotha zomwe dirowa imayendapo sizichira chifukwa cha nkhope yatsopano, choncho funsani ngati zili pa mtengo womwe akutchulawo. Za timipira tachitsulo zomangidwa m'mbali zimafuna mpata wa mamilimita 12.7 mbali iliyonse, ndipo si dirowa yakale iliyonse ili ndi mpata umenewo. Zogwirira sankhani zitseko zisanabooledwe, poti mabowo ake amatalikirana mosiyana: 96, 128 kapena 160 mamilimita.

Pali zina zomwe ntchitoyi siikhudza n'komwe. Mkati mwa makabati mumatsala momwe munalili, mashelefu omwewo, madontho omwewo. Firiji ikakhala kuti imatsekereza khomo, idzatsekerezabe. Amene akudandaula kuti khitchini ndi yopanikiza kapena kuti sinki ili pamalo olakwika, ndalama zake asazitayire kuno.

Pa mtengo, musangokhulupirira kuti kusintha nkhope ndi kotchipa nthawi zonse. Gawo lalikulu la ndalama za kabati lili m'zitseko ndi zitsulo zake, bokosi ndi lotsika mtengo. Mukasankha zitseko za matabwa enieni, mtengo ukhoza kuyandikira wa makabati atsopano a mtundu wamba. Chopulumutsa chenicheni chili pa zomwe simukuzikhudza: thebulo la pamwamba pa makabati apansi, matailosi, mapaipi, mawaya ndi pansi. Pemphani mitengo iwiri yolembedwa, wa kusintha nkhope ndi wa kuzula zonse, ndipo pa woyambawo palembedwe chiwerengero cha zitseko ndi madirowa, mtundu wa mahinji, matabwa a kumapeto, kathabwa ka kumapazi, kutaya zakale, komanso ngati chitsimikizo chawo chikukhudza kusupuka kwa veneer. Ngati mukufuna kusinthanso thebulo la pamwamba, liyambe ndilo. Kulizula pambuyo kumakanda ndi kuthyola m'mphepete mwa veneer yongomatidwa kumene.

Tsiku lolandira ntchito, musanapereke ndalama zotsala, yendetsani chikhadabo m'mphepete monse ndi m'malumikiziro. Pomwe chakola, pamenepo padzasupuka. Walitsani tochi chammbali pa felemu kuti matuza aonekere. Tsegulani zitseko ziwiri zoyandikana nthawi imodzi, makamaka za pakona, muone ngati zogwirira sizikugundana. Ndipo gwirizanani kuti mmisiri adzabwerenso pakatha mwezi umodzi kudzakunga mahinji, chifukwa zitseko zikayamba kugwiritsidwa ntchito zimatsika pang'ono ndipo mipata ija imafuna kuilinganizanso.