Sola ya ngongole ija yatitumikira bwino, koma ejenti wake anatigoneka mumdima pa Khirisimasi

Ndemangayi ndinkafuna kuilemba usiku womwe uja wa pa 24 Disembala, ndipo ndikanatero bwenzi mukuwerenga mawu oti sindingawabwereze pamaso pa amayi anga. Ndadikira masabata atatu kuti mtima utsike. Watsikako, koma osati kwenikweni.

Sola yake ndi yomwe ija mukuidziwa, ya TV, mababu anayi ndi tochi, yolipira pang'onopang'ono pa foni. Ndinawagulira amayi kumudzi ku Dedza, chakumtunda kwa Linthipe, mu Disembala 2022 titangogawana ndalama za banki m'khonde. Ine ndimagulitsa kaunjika ku Lilongwe, ndiye dipoziti ija inali thukuta la chaka chathunthu. Mawaya a magetsi amathera pa tiledi senta, kwathu sanafike, ndipo amayi anali atatopa ndi utsi wa koloboyi. Kalipiridwe kake sikovuta. Mumatumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, mumalandira tokeni, mumabaya manambalawo pa kabokosi ka batire, masiku amene mwalipira n'kuwonjezereka. Masikuwo akatha kabokosi kamadzitseka kokha, batire idzaze bwanji.

Amene anandigulitsa ndi mnyamata wa njinga yamoto, wovala jekete la kampaniyo, wa pakamwa pozuna. "Asisi, inu musavutike, zonse ndikupangirani ine." Anajambula chiphaso changa cha unzika, anadinadina pa foni yake, anakwera padenga kukamangirira panelo, basi ntchito yatha. Kuyambira pamenepo mwezi uliwonse ndikalipira, tokeni inkabwera pa meseji yochokera pa nambala yake, ine n'kuwatumizira amayi. Nthawi zina inkabwera pompopompo, nthawi zina patapita maola awiri. Ndinkangoti ndi mmene zimayendera. Ndinkamuthokozanso, mwina n'kumuponyera mayunitsi a K500 poganiza kuti akundithandiza. Pamenepa ndi pamene pamandiwawa kwambiri ndikamakumbukira.

Khirisimasi ya 2023 imeneyi inali yolemera kale. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala, belo ya kaunjika inakwera, shuga ndi mafuta ophikira chimodzimodzi. Achimwene anga amene ali ku Johannesburg, amene Disembala aliyense amabwera pa basi kudzera ku Tete n'kutulukira pa chipata cha Dedza, ulendo uno sanabwere. Anatumiza ndalama pa Mukuru kuti tigule mpunga, nkhuku zitatu, Sobo ndi makireti awiri a Fanta, komanso chitenje cha amayi. Koma chimene amayi ankadikira sichinali mpunga. Achimwenewo anabereka mwana wamwamuna mu Ogasiti, ndipo amayi anali atangomuona pa zithunzi. Tinapangana kuti Lamulungu pa 24, nthawi ya 8 koloko usiku, adzaimba vidiyo pa WhatsApp, agogo aone mdzukulu wawo akuphethira ndi kuseka. Pa 25 achimwene amakhala ku ntchito mpaka usiku, ndiye tsiku linali lomwelo.

Masiku a pa kabokosi ankatha tsiku lomwelo, ndinkadziwa. Ndinalipira m'mawa ndili mu minibasi. Meseji yoti ndalama yapita inabwera nthawi yomweyo, mbali imeneyo panalibe vuto lililonse. Tokeni ndiye zii. Ndinafika kumudzi masana, ndinamuimbira ejenti, foni inali yothimitsa. Ndinati mwina ali ku tchalitchi. Cha m'ma 4 koloko ndinaimbanso, chimodzimodzi. Foni yanga inali itatsala pang'ono moto chifukwa cha ulendo, koma mabowo onse otchajira anali ndi mafoni a alendo, ndipo ndinati yanga ndiika madzulo.

M'nyumba munali anthu 14. Ana anali atakhala pa mphasa kuonera makwaya a pa flash, azakhali ndi alamu anga akusankha mpunga m'malichero pansi pa babu la pakhonde, thobwa ali mu ndowa yovindikira kudikira mawa. Itangokwana 7 koloko, zonse phi! TV, mababu onse anayi, nthawi imodzi. Ana anakuwa. Mumdima monsemo chinkaoneka ndi kanyali kofiira ka pa kabokosi kokha, kakuphethira.

Ndinaimba ka 23, ndawerenga pa foni. Nthawi zonse yankho linali loti nambalayo sikupezeka. Ndinatumiza mameseji, ndinayesa pa WhatsApp, kachizindikiro kamodzi kokha. Koloboyi uja amayi anataya kalekale, parafini m'nyumba munalibe, chifukwa chaka chonse sanamufunepo. Tinatuma mphwanga pa njinga kwa mwini hokala, anabwera ndi kandulo imodzi, akuti ena onse anthu anagula masana. Mpunga wa Khirisimasi unamalizidwa kusankhidwa ndi kandulo imeneyo, azakhali atayandikiza maso pa lichero kufunafuna timiyala. Tochi ya solayo inayaka ola limodzi n'kufa, poti ana anali atasewera nayo dzulo lake.

Amayi anali atasamba dzuwa lisanalowe. Anavala chitenje chatsopano chija, anamanga mpango, n'kukhala pa mpando wa pakhonde pakona pamene netiweki imagwira. Magetsi atazima sanadzuke. Anakhalabe pomwepo manja ali pa maondo. Nthawi ya 8 koloko foni inalira, dzina la achimwene likuoneka, ndinayankha, chithunzi chinangoonekera kamodzi mwachimbuuzi, foni n'kuzima. Mafoni ena m'nyumbamo anali a mabatani. Ndinaima ndi foni yakufayo m'manja osadziwa chonena. Amayi anati, "Basi mwanawe, zisiye, tidzamuona." Analowa kuchipinda, ndipo ndinawamva akutsegula sutukesi. Anali akupinda chitenje chija n'kuchibwezera momwe chinali. Ndalama yanga inali italipiridwa kuyambira m'mawa, batire inali yodzaza ndi dzuwa la tsiku lonse, ndipo ife tinagona mumdima ngati anthu othawa ngongole. Oyandikana nafe amadziwa tanthauzo la kanyali kofiira. M'mawa mayi wina anandifunsa mwaulemu ngati malonda ku tauni akuyenda, ndipo ndinadziwa chimene akufunsa.

Pa 25 anthu akukonzekera ku tchalitchi, ine ndinakwera kabaza kupita ku tiledi senta kukatchajitsa foni pa malo ometera. Sewero la ana la kubadwa kwa Yesu, limene mwana wanga anali m'busa, sindinalione. Nditabwerera ndinatembenuza kabokosi ndipo kunsi kwake ndinapeza kapepala komata kokhala ndi nambala ya ku ofesi. Chaka chonse sindinaiimbepo, poti ndinali ndi "wondipangira zonse". Ndinaimba ndikuganiza kuti pa Khirisimasi palibe amene ayankhe.

Anayankha mtsikana. Ndinamukalipira kwambiri, ndipo sanandidule mawu ngakhale kamodzi. Nditamaliza anati, "Mayi, pepani kwambiri, tandipatsani nambala ya akaunti." Anakhala chete pang'ono, kenaka anandiuza kuti ndalama yanga inafika dzulo m'mawa ndipo tokeni inatumizidwa mphindi yomweyo. Anatchula manambala omalizira a foni imene tokeniyo inapita. Sinali yanga, sinali ya amayi. Inali ya ejenti. Tsiku lija ankadinadina pa foni yake, pamalo olemba nambala ya kasitomala analemba yake. Kwa miyezi 12 matokeni anga ankapita kwa iye, iyeyo n'kumanditumizira akafuna, ine n'kumathokoza.

Mtsikanayo anandifunsa nambala ya chiphaso changa ndi tsiku lobadwa, n'kusintha nambalayo kukhala yanga ndili pa foni pomwepo. Kenaka anandiwerengera tokeni pang'onopang'ono, ine ndikubwereza mokweza, mphwanga akubaya. Kanyali kanasanduka kobiriwira, babu la pabalaza linayaka masanasana, ana n'kuyamba kuombera m'manja. Anadikira pa foni mpaka nditamuuza kuti TV nayo yayaka. Anandiuzanso kuti tokeni salipiritsa, ndipo kasitomala sayenera kupereka ndalama ya mwezi m'manja mwa ejenti. Dzina lake sindinamufunse chifukwa cha mkwiyo, koma ngati akuwerenga, mwanawe, Mulungu akudalitse. Unagwira ntchito tsiku limene anzako ankadya mpunga kwawo, ndipo unandilankhula ngati munthu.

Ejenti anatulukira pa 27. Anaimba yekha, osati kudzapepesa ayi. "Asisi, mwandinenera chifukwa chiyani ku ofesi? Ndinali kunyanja ku Salima, foni inatha moto." Nditamufunsa za nambala, anati amatero kuti aziona amene akulipira ndi amene akuchedwa, chifukwa malipiro ake amadalira makasitomala akamalipira bwino. Ndiye kuti amayi anga anapinda chitenje mumdima kuti iyeyo aziwerengera komishoni yake mosavuta. Nditafunsafunsa m'mudzimo ndinapeza mabanja ena awiri amene anawachitanso zomwezo, ndipo gogo wina amamupatsa ndalama pamanja n'kuwonjezerapo K1,000 imene iye amati ndi "ya mafuta". Ndinawathandiza onse kuimba ku ofesi.

Kampani nayo sindiichotsa pa mlandu. Kuyambira 2018 nambala ya foni iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa ndi chiphaso. Munthu mmodzi akamalandira matokeni a nyumba zitatu kapena kuposa, makompyuta awo samaona? Foni imodzi yokha yochokera ku ofesi sabata yoyamba, kufunsa kuti "Mayi, kodi tokeni ikufika pa nambala yanu?", ikanathetsa zonsezi. Makampani amenewa achuluka, aliyense akuthamangira kugulitsa, ena ayamba ndi mafoni a ngongole amene amadzitsekanso chimodzimodzi. Kiyi ali ndi iwo, ndalama ndi zathu, ndiye ayenera kuonetsetsa kuti kiyiyo sakugwera m'thumba mwa mnyamata woti akapita kunyanja mudzi ugone mumdima.

Komabe ndinene chilungamo pa katundu weniweniyo, chifukwa sola payokha sinandilakwire. Miyezi 13 tsopano, babu silinapserepo ngakhale limodzi, batire sinafooke. M'chilimwe TV imatha kuyaka maola asanu mababu ali chiyakire. M'dzinja mvula ikamata masiku awiri atatu, ndipo ku Dedza mitambo siisowa, muyenera kusankha, TV kapena kuwala mpaka m'mawa. Zimenezi ejenti sanatiuze, tinaphunzira tokha. Mu Okutobala fumbi limakuta panelo, mukaipukuta ndi kansalu konyowa mphamvu imabwerera. Chingwe cha babu lachinayi ndi chachifupi, sichinafike kukhitchini, ndipo mabatani a rimoti afufutika kale. Ndi zazing'ono zimenezo. Chifuwa cha usiku chimene amayi ankadandaula nacho nthawi ya koloboyi chinachepa kwambiri. Mdzukulu wawo wa Sitandade 8 amawerenga mpaka 10 koloko. Amayi amatchajitsa mafoni a anthu pa K200, ndalama ya mchere ndi sopo imachokera pamenepo, ndipo amanyadira kuti sandipemphanso za zimenezo. China chimene ndiyenera kuyamikira n'chakuti kwacha itagwa, ndalama yanga ya pamwezi sinasinthe, ngakhale amene anagula pambuyo pake ankalipira yokwera. Ndinkaopa kuti andikwezera, sanatero.

Vidiyo ija inatheka pa 26 madzulo. Alendo ambiri anali atabalalika, mpunga utatha. Amayi anatulutsanso chitenje chija, anakhala pakona pawo pansi pa babu, ndipo mwana atangoonekera anagwira foni ndi manja awiri n'kuiyandikiza kumaso. Anati mphumi ndi ya agogo ake aamuna. Anamuimbira kanyimbo koguguzira mwana, iye akuyamwa chala. Ndinakondwa, koma azakhali ndi ana awo amene anayenda mtunda wautali kudzamuona mwanayo anali atapita kale.

Ndikupereka nyenyezi zitatu mwa zisanu. Katundu yekha akanatenga zisanu, mtsikana wa ku ofesi uja zisanu, ejenti palibe ngakhale imodzi. Ngati mukuwagulira makolo kumudzi inu muli ku tauni kapena ku Joni, musachoke pamalopo tokeni yoyamba isanalowe pa foni yanu kuchokera ku kampani, osati kuchokera pa nambala ya munthu. Nambala ya ku ofesi ilembeni pakhoma. Ndipo Disembala akayandikira lipirani kudakali sabata, musachite ngati ine kudikira tsiku lomaliza.

Ndatsala ndi miyezi 11 kuti ngongole ithe, kabokosi katseguke mpaka kalekale, ndipo ndimaliza. Mnyamata uja akugulitsabe. Loweruka lapitali nditapititsa feteleza wobereketsa kumudzi ndinamuona pa tiledi senta, jekete lomwe lija, akulembetsa abambo ena achikulire. Amayi anamupatsa moni, ine sindinathe. Ndinangopita kukaima pambali pa abambowo mpaka nditamva ndi makutu anga nambala imene ankalembayo, n'kuwafunsa kuti, "Bambo, imeneyi ndi yanu?" Anati inde, ndipo pamenepo m'pamene ndinakakwera minibasi.