SSD yanga ya 1 TB patatha miyezi 18 ku Nchalo

Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Nchalo. SSD iyi, yomwe ndi chipangizo chosungiramo mafayilo, ndinaigula hard disk yanga yakale itagwa patebulo n'kuyamba kulira ngati wotchi. Pa liwiro ndilibe dandaulo, ikuthamangabe ngati tsiku loyamba, ndipo fumbi ndi mabampu a pa kabaza sizinaichite kanthu. Nkhani yagona pa kusunga.

Mu SSD mulibe mbale yozungulira. Zithunzi zimasungidwa ngati timphamvu ta magetsi totsekeredwa m'tizipinda ting'onoting'ono, ndipo timphamvuti timatha pang'onopang'ono, makamaka kukamatentha chipangizocho chili phee mu dilowa. Muyezo wa JEDEC, bungwe loika miyezo ya zipangizo zotere, umati SSD wamba imene yalembedwa mpaka pa malire ake isungebe zinthu kwa chaka chimodzi ili yozima, pa madigiri 30. Yanga sinafike pa malirewo, koma madigiri 30 kuno ndi nthabwala. Mu Okutobala timapitirira 40, nyumba yanganso ndi yamalata, yopanda siling'i.

Chimene chimatipusitsa n'chakuti mkatimo muli ka chip kokonza zolakwika mwakachetechete. Zithunzi zimatseguka bwinobwino mpaka tsiku limene zolakwikazo zakachulukira kachipko.

N'chifukwa chake ntchito iliyonse ndimaipangira mafayilo a PAR2, othandiza kukonza mafayilo akaonongeka, ndi pulogalamu yaulere ya MultiPar, isanachoke pa laputopu. Amagwiritsa ntchito masamu a Reed ndi Solomon a mu 1960, omwewo amene amachititsa CD yokalikakalika kuimbabe. Ndimaika kuti mafayilowa akhale 10 peresenti ya kukula kwa ntchitoyo, ndipo poyamba zinkandipweteka kuona malo akudyedwa ndi mafayilo oti sungawaonere n'komwe.

Mwezi wa 14 chigulireni SSD-yi, mayi ena anabwera, fulashi yawo itatayika, akufuna vidiyo ya ukwati wa mwana wawo. Vidiyoyo inkaima pa perekaniperekani penipeni. MultiPar inapeza zidutswa zoonongeka n'kuzibwezeretsa tiyi wa mayiwo asanazizire. Zinatengera mwayi kuti zidutswazo zinali zochepa. Zikanapitirira 10 peresenti ija, bwenzi ndikupepesa.

Ndingaigulenso, koma yogwirira ntchito, osati yoikizamo chuma. Tsopano mwezi uliwonse ndimailumikiza, MultiPar n'kuwerenga mafoda onse usiku wonse. Ntchito yakale ili ndi kope lachiwiri pa hard disk imene ndinasiya kwa achemwali ku Zomba, kumene kumazizirako.