Ndemanga ya FantaMorph Deluxe: pulogalamu yosandutsa nkhope pa zithunzi ndi makanema

FantaMorph ndi pulogalamu ya pakompyuta yopangidwa ndi kampani ya Abrosoft, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kutenga zithunzi ziwiri kapena zingapo n'kupanga kanema wamfupi momwe chithunzi choyamba chimasanduka pang'onopang'ono mpaka kukhala chachiwiri. Luso limeneli limatchedwa morphing. Pulogalamuyi imagulitsidwa m'mitundu itatu, Standard, Pro ndi Deluxe, ndipo inapangidwira makompyuta a Windows ndi a Mac. Ine ndimajambula ndi kukonza makanema a zinkhoswe, maukwati ndi miyambo ya ziliza, ndipo mtundu umene ndimagwiritsa ntchito ndi wa Deluxe, pa laputopu ya Windows yomwe yakhalitsa ndithu. Ndine wokhutira nayo ndipo ndalama zimene ndinalipira zinabwerera, koma aliyense wofuna kugula adziwiretu kuti ubwino wa kanema amene atuluke umadalira kwambiri dzanja ndi kuleza mtima kwa munthu amene wakhala pakompyutayo kusiyana ndi nzeru za pulogalamuyi.

Makasitomala ambiri amaganiza kuti zimenezi n'zofanana ndi zimene tikuziona m'mapulogalamu a pafoni, pomwe chithunzi china chimazimiririka chinzake chikutulukira. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Pa kuzimiririka wamba, mukaimitsa kanema pakatikati mumaona nkhope ziwiri zitasanjikizana, maso anayi ndi milomo iwiri. Pa morphing pamachitika zinthu ziwiri nthawi imodzi: mitundu ya zithunzi ziwirizo imasakanikirana, komanso maonekedwe enieniwo amakokedwa, kotero kuti diso la pa chithunzi choyamba limayenda kupita pamene pali diso la pa chithunzi chachiwiri, mphuno imatsata mphuno inzake, chibwano chimodzimodzi. Mukaimitsa pakatikati mumaona munthu mmodzi yekha, amene kwenikweni sanajambulidwepo. Amene anaonera vidiyo ya nyimbo ya Michael Jackson ya Black or White, yomwe inatuluka mu 1991, akukumbukira nkhope za anthu a mitundu yosiyanasiyana zikusinthana chakumapeto kwake. Ntchito imeneyo inachitidwa ndi kampani ya Pacific Data Images pa makina odula kwambiri, koma lero munthu akhoza kuichita atakhala pakhonde.

Mtima wa pulogalamuyi ndi madontho. Mukalowetsa zithunzi ziwiri, zimaoneka moyandikana, ndipo mukaika dontho pa chithunzi cha kumanzere, dontho linzake limatulukira pa chithunzi cha kumanja, inu n'kulikoka ndi mausi kulipititsa pamalo oyenera. Mukaika dontho pangodya ya diso la mwana, linzakelo muliike pangodya yomweyo ya diso la munthu wamkulu. Kenaka mumapita pa nsidze, m'mbali mwa mphuno, m'mphepete mwa milomo ya m'mwamba ndi ya m'munsi, kuzungulira chibwano, makutu, pamene payambira tsitsi, khosi ndi mapewa. Chimene chinandikopa kwambiri n'chakuti pali zenera lachitatu loonetsa zotsatira nthawi yomweyo, moti mukasuntha dontho limodzi mumaona pompopompo ngati nkhope yawongoka kapena yapindika, popanda kudikira kuti kompyuta iyambe yamaliza kupanga kanema yense. Ntchitoyi ili ngati ya telala amene akulumikiza nsalu ziwiri za maluwa: akaphonya pang'ono pamsoko, maluwawo sakumana, ndipo aliyense amaona.

Ntchito imene ndimapatsidwa kawirikawiri ndi yoonetsa kukula kwa mkwatibwi kapena mkwati, kuyambira ali wakhanda, ali ku pulayimale atavala yunifolomu, pa tsiku lomaliza maphunziro, mpaka pa chinkhoswe. Pulogalamuyi imalola kundandalika zithunzi zonsezo pamzere umodzi kuti chilichonse chizisanduka chotsatira chake, ndipo kanema wotereyu akaonetsedwa pa pulojekita kumadyerero perekaniperekani asanayambe, holo yonse imachita nthungululu. Komatu kuti zifike pamenepo pamakhala thukuta. Nkhope zimagwirizana msanga, koma chimene chimadya nthawi ndi chimene chili pamwamba pa mutu. Mtsikana wa ku pulayimale amakhala atameta tsitsi lalifupi, pa chithunzi chotsatira ali ndi mesh yofika m'mapewa, ndipo pa chinkhoswe wamanga duku lalikulu lotukumuka. Mukangoika madontho pankhope n'kuiwala dukulo, limatulukira ngati utsi pamwamba pa mutu wometa, ndipo chinyengo chonse chimaululika. Njira yake ndi kuzunguliza madontho m'mphepete mwa duku lonse, anzakewo n'kuwaika mothithikana m'mphepete mwa mutu wometawo, kuti dukulo lizioneka likumera kuchokera pamutu. Madonthowa atsatane mwadongosolo lomwelo pa zithunzi zonse ziwiri, chifukwa awiri akapingasana chithunzi chimapindika n'kuoneka chong'ambika pamalopo.

Mano nawo ndi nkhani ina. Ngati pa chithunzi choyamba munthu watseka pakamwa pamene pa chachiwiri akumwetulira, mano amayamba kuonekera pamwamba pa milomo yotseka, ndipo maonekedwe ake ndi oopsa ndithu. Pamafunika mizere iwiri ya madontho pamene milomo yakumana, yoyandikana kwambiri pa chithunzi chotseka pakamwacho koma yotalikirana pa chomwetuliracho, kuti pakamwa pazitseguka kaye mano asanaoneke. Magalasi a m'maso alibe mankhwala otero: ngati ali pa chithunzi chimodzi chokha amangotulukira mwa kuzimiririka wamba, ndipo ndi bwino kupempha eni ake chithunzi china.

Mtundu wa Deluxe uli ndi chida chotchedwa Face Locator, chimene chimafufuza chokha pamene pali maso, mphuno ndi pakamwa n'kuikapo madontho. Pa zithunzi zowala bwino, zomwe munthu wayang'ana kamera molunjika, chidachi chimapulumutsa nthawi yambiri, ndipo chimene chimatsala ndi kungowongola apa ndi apo. Vuto ndi lakuti zithunzi zimene mabanja athu amasunga sizikhala zotero. Zambiri ndi za m'masitudiyo akale kapena za ojambula oyendayenda a panjinga, zina zinafiira chifukwa cha dzuwa, zina zinanyowa n'kumatirira ku pulasitiki ya alubamu, ndipo kawirikawiri mwanayo amakhala patali pakati pa abale ambiri, nkhope yake ili yaing'ono. Pa zithunzi zotere palibe makina amene angalose bwino pamene pali ngodya ya diso, choncho madontho muika nokha. Ndimapempha eni mwambo kuti abweretse chithunzi chenichenicho kuti ndichisikane ndekha, chifukwa chimene achijambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp chimabwera chopendekeka, chonyezimira pakati, komanso chitachepetsedwa kale. Pulogalamuyi ili ndi zida zodulira chithunzi, kuchitembenuza ndi kusintha kuwala kwake, ndipo ndi bwino kuyamba mwalinganiza mitu iwiriyo kuti ikhale yofanana kukula, maso ali pamzere umodzi, musanaike dontho ngakhale limodzi. Munthu amene wayang'ana cham'mbali sangagwirizane ndi amene wayang'ana kutsogolo, popeza khutu limene labisika pa chithunzi china lilibe linzake loti lipiteko.

Pa nkhani yolumikiza zidutswa za makanema, yomwe ndi imene ambiri amandifunsa, njira imene ndapeza kuti ndi yodalirika ndi yogwiritsa ntchito FantaMorph ngati mlatho. Mu pulogalamu yokonzera makanema, ine ndimagwiritsa ntchito Shotcut yomwe ndi yaulere, ndimatulutsa fulemu (chimodzi mwa zithunzi zotsatizana zimene zimapanga kanema) yomalizira ya chidutswa choyamba ndi fulemu yoyambirira ya chidutswa chachiwiri ngati zithunzi za PNG. Zithunzi ziwirizo ndimazisandutsa mu FantaMorph, kenaka zotsatirazo ndimazilowetsa pakati pa zidutswa ziwiri zija. Apa masamu ayenera kugwirizana. Ngati kanema wanu ali ndi mafulemu 25 pa sekondi, kusanduka kwa masekondi awiri kumafuna mafulemu 50, pamene makanema ambiri a pafoni, okhala ndi mafulemu 30 pa sekondi, amafuna 60. Kukula kwa chithunzi kukhalenso komweko, mwachitsanzo 1920 ndi 1080, apo ayi kanemayo amadumpha pamalo olumikizirawo. Ndimapewa JPEG pa sitepe imeneyi chifukwa imataya zina mwa chithunzi nthawi iliyonse imene mwasunga, ndipo kusiyana kwakung'onoko kumaoneka ngati kuphethira kwa kuwala pamene mlatho ukuyamba ndi pamene ukutha.

Njira imeneyi ili ndi malire ake, ndipo ndi bwino kuwanena mosabisa. Pa nthawi imene kusandukako kukuchitika, china chilichonse chimaima: masamba a mitengo sagwedera, anthu a kumbuyo amauma, ndipo mukatalikitsa kupitirira masekondi awiri oonera amazindikira kuti kanema waima. Mankhwala ake ali pa tsiku lojambula. Pa chinkhoswe ndimaika kamera pa miyendo yake itatu n'kupempha mkwatibwi kuti aime phee kwa kanthawi atayang'ana kamera, kumbuyo kwake kuli khoma kapena nsalu yopanda zojambula. Pa tsiku la ukwati ndimamuimikanso chimodzimodzi, pa mtunda womwewo kuchokera pa kamera. Zikatero, mayi wovala chitenje ndi duku amasanduka wovala velo n'kuyamba kuyenda, ndipo palibe amene amaona msoko. Ena amafunsa chifukwa chake sindingogwiritsa ntchito Morph Cut ya mu Adobe Premiere Pro kapena Smooth Cut ya mu DaVinci Resolve, omwe ndi mapulogalamu ena okonzera makanema. Zida ziwirizi zinapangidwira ntchito ina, yobisa pamene mwadula mawu a munthu mmodzi amene akulankhula atakhala malo amodzi, ndipo sizikupatsani mpata wouza makina kuti diso ili lipite apa.

Potulutsa ntchito yomalizidwa pali njira zingapo, koma si zonse zimene zili ndi phindu masiku ano. Mndandanda wa zithunzi, fulemu iliyonse payokha, ndi umene ndimaukonda pa ntchito yolumikiza makanema. AVI imagwiranso bwino, ngakhale fayilo yake imakhala yaikulu ndipo pamafunika kuisandutsa MP4, mwina ndi pulogalamu ya HandBrake, musanaitumize pa WhatsApp kapena kuiika pa Facebook. GIF imangonyamula mitundu 256 pa fulemu iliyonse, choncho khungu losalala limatuluka lamawangamawanga, makamaka pamasaya ndi pachipumi, ndipo sindingapereke zotero kwa munthu amene walipira. Njira ya Flash inatha ntchito kuchokera pamene Adobe inasiya kuthandiza Flash Player kumapeto kwa 2020. Pulogalamuyi imalolanso kuikapo nyimbo, mawu olembedwa ndi zokongoletsa zina, koma zimenezi ndimazichitira ku Shotcut komwe kanema yense amakasonkhanitsidwa.

Chabwino china kwa ife amene timagwira ntchito kumene mabandulo ndi odula n'chakuti mukangoiika pakompyuta, ntchito yonse imachitikira pomwepo popanda intaneti, ndipo zithunzi za makasitomala sizituluka m'nyumba mwanu kupita ku makina a anthu ena. Siilemetsa kompyuta, moti magetsi akazima batire ya laputopu imakupatsani mpata wopitiriza, koma sungani pulojekiti yanu pafupipafupi chifukwa madontho a nkhope imodzi ndi ntchito yosati muibwereze. Malipiro ake ndi a madola kudzera pa khadi, ndipo poona mmene ndalama zakunja zikusowera ku Malawi, ena angafunike kupempha mbale amene ali ku Johannesburg kapena ku London kuti awalipirire. Makope obedwa amene amayenda pa mafulashi sindikuwalimbikitsa, chifukwa kompyuta imene ikusunga ukwati wa anthu si malo oyeserapo mavairasi.

Pali chida china cha mu Deluxe chotchedwa Face Mixer, chosakaniza nkhope zingapo kukhala imodzi. Achinyamata otomerana amakonda kupempha kuti ndiwaonetse mmene mwana wawo adzaonekere, ndipo ndimawachitira monga nthabwala chabe, nditawauza kuti pulogalamu ikungogawa pakati maonekedwe awo ndipo sidziwa kanthu za magazi. Pamene pamafunika kusamala kwenikweni ndi pa miyambo ya ziliza. Kanema woonetsa malemu akukula kuyambira ubwana mpaka ukalamba amatonthoza anthu, koma kusandutsa nkhope ya malemu kuti ikhale ya mwana wawo amene ali moyo ndi chinthu chimene mabanja ena amachikonda pamene ena chimawachititsa nthumanzi, ndipo amati mukuitanira mwanayo tsoka. Wopempha ntchitoyo nthawi zambiri amakhala mdzukulu wa m'tauni, koma oonera amakhala agogo, azakhali ndi amalume, choncho ndimakana kuyamba mpaka akuluakulu a banjalo ataona chitsanzo n'kuvomera.

Kwa munthu amene akungofuna kusangalatsa anzake kamodzi, kugula Deluxe ndi kuwononga ndalama, ndipo mtundu wotsika mtengo ungamukwanire. Kwa wojambula amene amakumana ndi nkhope zambiri nyengo ya maukwati ikafika, nthawi imene Face Locator imapulumutsa pa zithunzi zatsopano imakwanira kulipira kusiyana kwa mtengowo. Kampaniyi imalola kuyesa pulogalamuyi kwaulere musanagule, ndipo poyesapo musasankhe zithunzi ziwiri zokongola za pafoni yatsopano, chifukwa zimenezo zimatheka mosavuta. Tengani chithunzi chakale chimene chinafiira cha mu alubamu ya kumudzi ndi china cha munthu yemweyo atamanga duku, popeza zimenezo ndi zimene makasitomala adzakubweretsereni.