Makina a BP ovala ngati wotchi aja: ndawagwiritsa ntchito miyezi inayi

Ndinawagula pa famase ina ku Limbe, chifukwa aja omanga kumtunda kwa mkono mtengo wake mukuudziwa kale. Mnyamata wa pakauntala anangoti, "Ndi chimodzimodzi mayi, awa ndi amakono," n'kuwaponya m'jumbo. Bokosi sanalitsegule n'komwe.

Ndinagulira mayi anga, omwe akhala akumwa amlodipine, mapiritsi otsitsa BP, kwa zaka. M'mawa uliwonse ankadziyeza ali chigonere pamphasa, dzanja atalikweza m'mwamba kuti aone bwino manambala. Makina ankati 140, mwina 145. Mayi anakondwa, nayamba kudumphitsa mapiritsi, ati BP yatsika. Inenso ndinawalekerera, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Kenako mapazi anayamba kutupa mpaka masilipasi kukana kulowa. Ukadina chala pamwendo, pamatsala kadzenje. Usiku wina ndinawapeza atakhala tsonga pampando, akupuma mwabefu, ati akagona chagada akubanika. Tinapeza galimoto kuchoka ku Ndirande mpaka ku Queens. Namwino atayeza, 185 pa 110! Adokotala anati mtima wakula, minofu yake yakhuthala chifukwa chopopa magazi molimbana ndi BP yokwera kwa nthawi yaitali, ndiye tsopano watopa, n'chifukwa chake madzi akudzaza m'mapapo ndi m'miyendo. Anawabaya Lasix, mankhwala ochotsa madzi m'thupi pokodzetsa, anakodza usiku wonse, kutacha ndi pamene anapumako bwino.

Makinawo ndinapita nawo kuwodi nditapsa mtima, ndikufuna kuwataya. Namwino wina anandiletsa. Anakhazika mayi pampando mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi pansi, dzanja pachifuwa molingana ndi mtima, osayankhula. Anati ukakweza dzanja kuposa mtima, manambala amatsika. Atayeza chonchi, makina athu ndi a chipatala sanasiyane kwambiri. Choncho makinawo sindinganene kuti ndi oipa, amangofuna munthu wophunzitsidwa kayezedwe kake. Mabatire akhalitsanso.

Koma mnyamata uja sindinamukhululukire. Nditabwererako kukamufotokozera, anayankha maso ali pa foni, "Zonse zalembedwa pakapepala." Kapepala ka Chingerezi, tizilembo tating'onoting'ono, kwa mayi okalamba! Mphindi ziwiri zokha zotionetsa zikanakwana.

Makina ndikuwapatsa nyenyezi zitatu, famase ija palibe. Tikuyezerabe omwewo, koma tsiku la kiliniki timawatenga kuti tikayerekeze ndi a chipatala. Mapiritsi tsopano ndimawapatsa ndekha m'manja, ndipo mchere ndinachepetsa m'ndiwo za nyumba yonse. Mayi akumagona ndi mapilo atatu, ndipo kamtunda kopita kumsika sakuthanso kukwera osapumira panjira.