Kamera ya pa tracker kapena Seestar: kujambula milalang'amba kuno ku Mzuzu

Anzanga amene mwayamba kukonda zojambula kumwamba usiku, funso limene mumandifunsa kawirikawiri ndi lakuti mugule chiyani: kamera ya DSLR (ija yosinthidwa malenzi) yokhala ndi lenzi yaitali n'kuikweza pa tracker, kapena katelesikopu kodziyendetsa kokha ngati Seestar S50. Zonse ndazigwiritsapo ntchito, ndipo yankho langa likuchokera pa mmene thambo la Mzuzu lilili.

Dziko limazungulira madigiri 15 pa ola, choncho kamera ikangokhala phee pa miyendo yake, nyenyezi zimasanduka timizere pakangopita masekondi ochepa. Tracker, monga Star Adventurer ya Sky-Watcher, imatembenuza kamera pang'onopang'ono kutsatira nyenyezizo. Koma kuti itero muyenera kuilozetsa ndendende pamalo pamene thambo lonse limazungulira. A ku Ulaya zimawaphwekera chifukwa ali ndi Polaris, nyenyezi yowala imene ili pafupi kwambiri ndi malo amenewo kumpoto. Ife Polaris sitiiona, ili kuseri kwa dziko. Pathu ndi kumwera, ndipo poti Mzuzu ali pafupifupi madigiri 11 ndi theka kumwera kwa equator, malowo ali m'munsi kwambiri, pamwamba pang'ono pa mitengo. Kanyenyezi kamene kali pafupi napo, Sigma Octantis, n'kozimiririka. Usiku wanga woyamba cha ku Ekwendeni ndinatha ola lathunthu ndili chogwada pa udzu wonyowa, ndipo pomwe ndimakapeza, nkhungu inali itakwera kale.

Apa m'pamene Seestar imaposa. Kampani ya ZWO inaitulutsa mu 2023. Galasi lake ndi la mamilimita 50 m'mimba mwake, imalemera makilogalamu osakwana atatu, ndipo imalowa m'chikwama choberekera. Mumaikhazika pamalo osapendekeka, kuilumikiza ku foni, kusankha chimene mukufuna, iyo n'kuchipeza yokha. Imajambula tizithunzi ta masekondi 10 n'kumatisanjikiza inu mukuona. Amene amadziwa nyengo ya kuno akumvetsa phindu lake: thambo limatha kuyera 8 koloko, pofika 10 koloko mitambo yaphimba. Ilinso ndi kotenthetsera galasi kuti mame asatsekereze, pamene wa kamera ayenera kugula lamba wotenthetsera lenzi ndi power bank yake.

Tsono tiyeni kuzimene tikufuna kujambulazo. Pakati pa Okutobala, cha m'ma 11 koloko usiku, milalang'amba itatu, magulu akuluakulu a nyenyezi, imafika pamene imalekezera kukwera nthawi imodzi. Kumpoto kuli Andromeda, amene kuwala kwake kwayenda zaka 2.5 miliyoni kuti kutipeze. Pafupi ndi paliwombo pali NGC 253, umene Caroline Herschel anautulukira mu 1783. Kumwera kuli Mtambo Waung'ono wa Magellan, ndipo Waukulu umakwera bwino kukamacha.

NGC 253 ndi wa Seestar. Umakwana bwinobwino m'chithunzi chake, ndipo pakatha theka la ola mumayamba kuona mawanga a fumbi m'kati mwake. N'chimodzimodzi Centaurus A ndi M83 m'mwezi wa Meyi. Pa lenzi ya mamilimita 135, milalang'amba imeneyi imangooneka ngati timbewu ta mpunga.

Koma zikuluzikulu zimaikanika. Seestar imaona kachigawo kakang'ono, kosakwana digiri imodzi m'lifupi ndi digiri imodzi ndi pang'ono m'litali. Andromeda ndi wotalika madigiri atatu, kutanthauza miyezi yathunthu isanu ndi umodzi itandandalikidwa, ndiye mumangopeza pakati pake, pokhapokha mutalumikiza zithunzi zingapo, zomwe zimadya nthawi. Mtambo Waukulu wa Magellan ndiye sungakwanemo n'komwe. Ndipo ine chimene chimandikhudza n'chakuti mitambo iwiriyi ndi chuma chathu cha kumwera kuno, anzathu a ku London sangaione ali kwawo. Waukuluwo uli pamtunda wa zaka za kuwala pafupifupi 160,000, ndipo ku Chelinda pa Nyika, mwezi ukakhala mumdima, mumauona ndi maso ngati chidutswa chothothoka ku Mlalang'amba wathu. Kamera yokhala ndi lenzi ya mamilimita 85 kapena 135 imautenga wonse, pamodzi ndi kuwala kwa Tarantula, mtambo wa mpweya wowala umene uli m'mphepete mwake.

Pa ndalama, Seestar inatuluka pamtengo wa madola pafupifupi 500, kuwonjezera kutumiza ndi msonkho. Kamera yakale ya Canon kapena Nikon mutha kuipeza kwa ojambula maukwati amene agula yatsopano, ndipo masana ikhoza kukubwezerani ndalama zanu. Seestar singajambule ukwati. Komanso wa kamera ayenera kukhala ndi kompyuta ndi mtima wodekha, chifukwa kusanjikiza zithunzi mu Siril kapena DeepSkyStacker, ngakhale mapulogalamuwa ndi aulere, kumafuna kuphunzira kwa masabata.

Chida chilichonse chimafuna mdima. M'tauni, ku Katoto kapena ku Luwinga, magetsi amayeretsa thambo, ndipo mlalang'amba sufuna fyuluta yotchinga kuwala kwa magetsiko, umafuna kuti muchoke m'taunimo. Chikangawa ndi pafupi koma nkhungu yake simuidalira. Kuyambira Ogasiti utsi wa moto wolusa umachititsa chimbuuzi m'munsi mwa thambo, momwe muli Andromeda ndi mitambo ya Magellan, pakuti kuno zonsezi sizikwera kupitirira madigiri 40.

Amene mulibe kalikonse ndipo mumangopeza ola limodzi kapena awiri, gulani Seestar. Amene muli kale ndi kamera musaitaye. Yambani ndi lenzi ya mamilimita 50 popanda tracker, zithunzi za masekondi asanu zokwana 200, muzisanjikize, muone Mtambo Waukulu ukutuluka. Tracker mudzagule pambuyo pake, ndipo musanaiyese kutchire, pezani kaye malo amene kumwera kwake kulibe phiri kapena mitengo ya paini.