Ulendo wapansi wa mbiri pa Zomba: nkhani ya sitima ya Ajeremani

Anyamata ambiri oyendetsa alendo pa Zomba amathamangira kukukwezani phiri, mukaone Chingwe's Hole ndi Williams Falls. Abambo amene ndikuwanena pano amakuyendetsani wapansi m'tauni momwemo, ndipo ndalama imene ndinawapatsa sindikuidandaula.

Tinayambira pa chipilala cha asilikali a KAR (King's African Rifles, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda), pafupi ndi Cobbe Barracks. Ndinkayembekezera nkhani za asilikali apamtunda, koma nkhani yawo inatitengera kunyanja. Sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann inapangidwa ku Hamburg mu 1890, n'kubwera zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1893. Inali ndi mfuti, ati yothamangitsira zombo za ogula akapolo.

Pamene anandigwira mtima ndi apa: nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914, likulu la Nyasaland linali pa Zomba pompano, bwanamkubwa ali George Smith. Boma linatuma Edmund Rhoades, kapitao wa sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, kuti akasake sitima ya Ajeremani ija. Anaipeza ku Sphinxhafen, komwe lero ndi Liuli ku Tanzania, ili pamtunda akuikonza. Anaiwombera n'kugwira kapitao wake Berndt, mnzake womwa naye mowa, yemwe sankadziwa n'komwe kuti nkhondo yayamba. Abambowa amaifotokoza ngati analipo, koma sakometsera; zaka zimene anatchula ndinakazipeza momwemo m'mabuku.

Dandaulo langa ndi limodzi, ndipo si laling'ono. Azungu amawatchula mayina mmodzimmodzi, koma amtengatenga amene anasenza zitsulo zija kulambalala mathithi a Shire sanawakhudze mpaka nditafunsa. Ngakhale ogwira ntchito mu Guendolen, osonkheza moto ndi odula nkhuni, anali anthu akuda. Mlendo wa ku London mwina sangaone vuto, koma ine amenewo ndi makolo athu.

Abambowa amayendanso mothamanga, ndiye ngati muli ndi agogo auzeni achepetse liwiro. Nyamukani m'mawa, tengani madzi, ndipo mtengo mugwirizane musananyamuke. Mfuti ya Guendolen musaifune pa Zomba: ili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, ndipo ulendo wa kumeneko amalipiritsa paokha.